Kuperekeza azakhali pa njanji ya ku Sena

Ulongue mpaka Moatize

Azakhali anakaniratu zobwerera kwawo pa galimoto. Anabwera kuno ku Angonia kudzaona chiliza cha achimwene awo, ndipo pomwe amamaliza kuyendera abale, katundu anali atachuluka: matumba awiri a kachewere, thumba la nyemba, ndowa ya ufa woyera, ndi tambala amene palibe analimba mtima kuwauza kuti amusiye. Kwawo ndi ku Nhamayabué m'boma la Mutarara, kumunsi kwenikweni kwa chigawo chathu cha Tete, kumene anakwatiwa ine ndisanabadwe. "Msana wangawu za mabampu ayi," anatero. "Mukandikweze sitima ku Moatize, ndikatsikira pakhomo." Akuluakulu atayang'anayang'ana anapeza kuti wopanda chochita mwezi uno ndine.

Tanyamuka kusanache, chisanu cha mu Juni chikuluma zala. Kobradolo, kondakitala wa chapa, minibasi ya kwathu kuno, anayamba ndi zoti thumba lililonse lilipire mtengo wa munthu. Azakhali anangomufunsa kuti ndi mwana wa yani. Atatchula mudzi wake, anamuyalira mbiri ya agogo ake onse, mpaka amene anathawira ku Ntcheu poopa msonkho. Matumba anakwera pa theka la mtengo.

Msewu wochoka kwathu ndi wotsetsereka wokhawokha. Pofika pa Mussacama, pamene umakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Zobue, majuzi onse anali atavulidwa. Mabulugamu atha, kwayamba milambe, mbuzi, ndi ana ogulitsa masau m'timabeseni. Ndinagula a metikali 20, tinadya chapa yonse, nthangala tikulavulira pawindo. Pa Caphiridzange phokoso linazima lokha. Aliyense amakumbukira thanki ya mafuta imene inaphulika pamenepo mu 2016 nkupha anthu ambirimbiri.

Chimene chandivuta mumtima njira yonse ndi ichi. Chigawo chino timachidyetsa ndife a ku Angonia ndi Tsangano. Chimanga, nyemba, kabichi, kachewere, ngakhale tirigu, zimatsika kuchokera kumapiri kwathu. Koma njanji sinakwereko kwathu ndi kale lomwe. Kachewere wa azakhali wayenda makilomita pafupifupi 200 pa matayala asanaone chitsulo cha sitima, ndipo thumba limodzi lafika litang'ambika pansi.

Moatize, kudikira

Tagona kwa mayi wina wa ku Tsangano amene amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Si m'bale wathu, anangopempherako mpingo umodzi ndi azakhali kalekale, koma anatiyalira mphasa yatsopano ndipo anakana ndalama ya ndiwo. Mmawa ndinadzuka ndi kakhosi kokanda. Ndinapukuta mpando wa pakhonde, nsanza inada bii. Mayiwo anaseka, akuti ku Moatize zovala zoyera amayanika m'nyumba.

Anthu ambiri kwathu amaganiza kuti sitima imafika mumzinda wa Tete. Ayi ndithu. Njanji imathera pano, makilomita pafupifupi 20 usanafike pamlatho wa Samora Machel. Likulu la chigawo lilibe siteshoni, chifukwa amene anayala njanjiyi ankafuna malasha, ndipo malasha ali tsidya lino la Zambezi. Apwitikizi anaiyambira pa Dona Ana, siteshoni ya kwa azakhali ku Mutarara, kukwera kuno, mtunda wa makilomita 254, ndipo inafika mu 1949. Kuchoka pano mpaka padoko la Beira ndi makilomita pafupifupi 575.

Ndinapita kukafola za mabiliyeti, matikiti a sitima. Mzere unali wautali koma wamtendere, amayi atakhala pa katundu wawo. Pansi pa mtengo panali madala akusewera bawo, ndipo mmodzi atamva kalankhulidwe kanga anati, "Wa kumapiri uyu." Iye amayankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chichewa, tinamvana bwinobwino. Anagwirapo ntchito pansi pa nthaka ku Chipanga, nthawi imene migodi inali m'manja mwa kampani ya boma ya Carbomoc, akatswiri ake ali azungu a ku East Germany. Akuti nkhondo yapachiweniweni itadula njanji m'zaka za m'ma 1980, iwo anapitiriza kukumba kwa kanthawi, malasha nkumangounjikana opanda chowanyamula, mpaka udzu unamera pamwamba pa milu. Kenako anthu anauzidwa kuti azipita kwawo. "Mgodi wopanda sitima ndi dzenje basi, mwanawe," anatero akudya nkhomo za mnzake.

Zina zonse ndimazidziwa kale, poti zachitika tikuona. Mu 2004 boma linapereka mgodi waukulu kwa kampani ya ku Brazil ya Vale, ndipo chaka chomwecho ntchito yokonzanso njanji ya Sena, yochoka kuno kupita ku Beira, inapatsidwa kwa makampani awiri a ku India, RITES ndi IRCON, mogwirizana ndi CFM, kampani ya boma yoyendetsa njanji ndi madoko. Ntchito inachedwa, boma linaitenganso njanjiyo mu 2011, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho sitima yoyamba ya malasha a mgodi watsopano inanyamuka kupita ku Beira. Zaka zimenezo ku Tete kunali ngati kwagwa njovu, aliyense akuthamangira ndi mpeni wake. Nyumba za lendi zinakwera, anyamata a kwathu anatsika kudzafuna ntchito. Rio Tinto inagula mgodi wa Benga ndi madola mabiliyoni angapo mu 2011, nkudzaugulitsa mu 2014 pa madola 50 miliyoni okha. Chimodzi mwa zimene zinawagwetsa ndi mayendedwe omwewa: malasha analipo, koma njanji imodzi yopapatiza sikanatha kuwatulutsa onse.

Mabiliyeti ndapeza. Matumba anawakweza pa sikelo, ndalipira padera. Tambala anangomuyang'ana, sananene kanthu. Madzulo tadya nsima ya mbuzi pa kanyumba kena pafupi ndi msika, mbale metikali 150. Mbuzi ya ku Tete anthu samaitama pachabe.

M'sitima, Moatize mpaka Cambulatsitsi

Tinafika pasiteshoni nkhuku zisanatsike, koma tinapeza anthu atagona kale pamenepo. Kukwera kunali nkhondo. Mnyamata wina amene sindimudziwa anaona ndikulimbana ndi thumba la nyemba, analisenza yekha, nkulilowetsa pansi pa mpando, osadikira ngakhale zikomo. Azakhali anakhala pawindo, nkumanga chitenje bwinobwino ngati alowa m'tchalitchi. Sitima itagwedezeka koyamba anati, "Eya." Sananenenso china kwa nthawi yaitali.

M'bogi mwathu muli zilankhulo zinayi. Chinyungwe ndiye chambiri, Chisena chikuwonjezereka tikamatsika, Chipwitikizi ndi cha ana asukulu ndi oyang'ana mabiliyeti, ndipo Chichewa ndi cha ife ndi amayi atatu a ku Zobue amene akupita ndi mabelo a kaunjika ku Caia. Palibe akumasulira mnzake. Aliyense akulankhula chake, nkhani ikuyenda.

Titangotuluka mu Moatize kumaoneka milu ya dothi lochoka m'migodi, yaitali moti mlendo angayese mapiri. Patsogolo pake ndi Cateme. Kumeneko ndi kumene anasamutsira mabanja oposa 700 mwa mabanja oposa 1,300 amene anachotsedwa ku Chipanga, Mithethe, Malabwe ndi Bagamoyo mu 2009 ndi 2010 kuti mgodi ukule. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anakakhala pa njanji yomweyi, kutsekereza sitima ya malasha. Ankadandaula za nyumba zong'aluka, minda ya miyala, ndi kutalika kwa msika. Apolisi anawabalalitsa, koma dziko lonse linamva dzina la Cateme. Ine ndimaona kuti anawerenga bwino. Akanatseka msewu, akanavutitsa achapa ndi amalonda anzawo. Anadziwa pamene pali mtsempha.

Pa Cambulatsitsi tinaima nthawi yaitali. Injini inazima phokoso, anthu anatsika kukawongola miyendo, ena kukagula chinangwa chootcha. Ndinafunsa wa yunifolomu chimene tikudikira, anangoloza ndi mlomo kumbuyo. Patapita nthawi inatulukira sitima ya malasha, mainjini angapo, mabogi akuda otsatana osaoneka mathero. Ana a m'bogi mwathu anayamba kuwerenga mokuwa m'Chipwitikizi, anapitirira 100, kenako anasokonezana nkuyamba kukangana. Itadutsa, ife tinadikirabe pang'ono, ndiye nkutilola.

Apa ndi pamphambano. Njanji yakale imakhotera kumwera kutsata Zambezi, imeneyo ndiye yathu. Yatsopano imalunjika kum'mawa, kulowa m'Malawi cha ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya kufupi ndi Balaka. Pamenepo imalumikizana ndi njanji imene inatsegulidwa mu 1970 nthawi ya Kamuzu Banda, yodzera ku Liwonde ndi Nayuchi, nkubwereranso m'Mozambique pa Entre Lagos, kupyola Cuamba ndi Nampula mpaka kunyanja ku Nacala-a-Velha. Yonse ndi makilomita 912, ndipo anaitsegulira mwamwambo mu 2017. Ndi yotalika kuposa ya ku Beira, koma doko la Nacala ndi lakuya, zombo zikuluzikulu zimakocheza popanda vuto, pamene la Beira limafuna kukumbidwa mchenga nthawi ndi nthawi. Vale inadzagulitsa mgodi ndi njanjiyo mu 2022 kwa kampani ya Vulcan, eni ake a ku India.

Mayi mmodzi wa ku Zobue anati ali ndi mchemwali wake ku Neno amene amaiona sitimayi tsiku lililonse ikudutsa kuseri kwa munda wake, usana ndi usiku. Ndinafunsa ngati anakwerapo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zamisala. "Akwere pa malasha?"

Doa, dzuwa litapendeka

Ndatopa. Mpando wauma, madzi a m'botolo afunda, ndipo tambala wayamba kulira nthawi yolakwika. Dziko la kuno ndi tchire la mitengo yaifupi, milambe, ndi mitsinje ya mchenga wokhawokha. Masiteshoni ena ndi kachikwangwani chabe ndi mtengo wa mthunzi, koma sitima ikaima anthu amatulukira osadziwika kochokera, matumba a makala ali pamutu.

Doa ndiye pali moyo. Linakhala boma palokha mu 2013, kale linali mbali ya Mutarara. Sitima isanaime nkomwe, mawindo onse anadzaza malichero: nkhuku yootcha, mazira owiritsa, nsomba zokazinga, malambe, maheu a m'mabotolo a madzi. Ndinagula ntchafu ziwiri za nkhuku pa metikali 100. Mtsikana wogulitsayo analibe chenji, sitima inayamba kuyenda, ine ndinangoti zapita. Anathamanga m'mbali mwa bogi, nkuponya mazira awiri okulunga m'pepala kudzera pawindo. Limodzi linagwera pamiyendo pa bambo wina amene anali mtulo.

Titachoka pa Doa ndi pamene azakhali anamasuka. Sindinawafunse. Anangoyamba kuloza panja.

Malemu amuna awo anali m'gulu lokonza njanji chigawo chomwechi. Ankayenda pa kangolo kokankha ndi manja, atanyamula zitsulo zomangira ndi nyundo, kusintha mitanda yofumbwa ndi kuwongola pamene mvula yakokolola. Anakumana ku Moatize, azakhali atapita kukalera mwana kwa achibale. Apongozi awo aamuna ndi amene anayala nawo njanjiyi m'zaka za m'ma 1940, ndipo sankaikamba mosangalala. Ankati anatengedwa pa chibalo, mfumu itauzidwa kuti ipereke amuna.

Nkhondo itakula, sitima zinayamba kuyenda ndi asilikali, kutsogolo atamangirira mabogi opanda kanthu kuti bomba likaphulika liyambe ndi amenewo. Kenako zinasiyiratu. Mu 1986 a Renamo analowa mu Mutarara. Azakhali anathawa usiku, mwana wina kumsana wina pamkono, kutsata njanji yopita ku Vila Nova da Fronteira. Akuti njanji sisocheretsa munthu ngakhale mumdima, koma sankaponda pakati pake poopa mabomba okwirira, ankayenda m'mbali, chitsulo akuchiona ndi diso. Anakafika ku Nsanje, nkukhala pa msasa wa Mankhokwe. Ife a ku Angonia tinathawira ku Dedza ndi Ntcheu, ndiye banja limodzi linali m'dziko limodzi lachilendo kwa zaka, osaonana. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, iwo sanafulumire. Pobwerera anapeza mitengo itamera pakati pa njanji, ina yoti munthu nkupangira mpini.

"Bambo ako aja," anatero, kunena amuna awo, "ankapita kukaizula okha. Opanda malipiro. Ndinkawauza kuti mukudzivutiranji, sitima inafa. Anamwalira isanabwere."

Kunja kutada sitima inaima pakati pa tchire, magetsi a m'bogi nkuzima. Ndisaname, mtima unagunda. Ndinakumbukira za 2016, pamene sitima za malasha zinkaomberedwa kumunsi ku Sofala, ngakhale ndikudziwa kuti zimenezo zinatha. Palibe amene anaoneka wodandaula. Wina anayatsa tochi ya foni, amayi a kaunjika anayambitsa nyimbo ya kwaya, ndipo azakhali anali akusenda dzira. Tinadikira sitima ina ya malasha, yopanda katundu, yobwerera ku Moatize.

Tatsika pa Dona Ana usiku kwambiri. Msuweni wanga anali pomwepo ndi njinga ziwiri ndi mnzake. Mawu ake oyamba anali akuti, "Ndiye mwabwera ndi wantchito, amayi?"

Nhamayabué, pamlatho

Ndagona mpaka dzuwa kulowa m'nyumba. Udzudzu wa kuno sudziwa kuti ndi nyengo yozizira. Kachewere wagawidwa kale m'timilu, wa apongozi, wa anansi, wa abusa. Kuno ndi chakudya cha alendo olemekezeka.

Msuweni amapalasa njinga yonyamula anthu pamlatho wa njanji wa Dona Ana, wowoloka Zambezi kupita ku Sena, ndiye anati andiwolotsa ulele pokhapokha ndivomere kuti Asena ndi olimba kuposa Angoni. Ndinasankha kuyenda wapansi. M'mbali mwa njanji muli kanjira ka anthu, njinga ndi njinga zamoto, kopapatiza moti awiri onyamula katundu akakumana wina amapendekeka. Mlathowu ndi wa makilomita 3.67. Ukaima koyambira, mathero ake suwaona bwino, zitsulo zimangopita zikuchepa. Pansi Zambezi wagawikana m'mitsinje ingapo, pakati pali zilumba zamchenga zimene anthu adzalapo chimanga ndi mbatata. Chapakati ndinayang'ana pansi kudzera pa mpata wina, mawondo anafooka. Ndinagwira chitsulo, nkunamizira kuti ndikuona mabwato.

Munthu ukafika pano umadzifunsa kuti chinthu chachikulu chonchi anachimangiranji kuno, kutali ndi mzinda uliwonse. Yankho lili kumpoto, ku Malawi. Kale katundu wa Nyasaland, fodya, tiyi ndi thonje, ankatsika pa sitima za pamadzi mu Shire ndi Zambezi mpaka ku Chinde. Njanji yoyamba, ya Shire Highlands Railway, inalumikiza Blantyre ndi Port Herald, imene lero ndi Nsanje, mu 1908. Koma madzi a Shire anali kuchepa, sitima za pamadzi zinkatitimira mumchenga, ndiye mu 1914 anaitalikitsa mpaka pa Chindio, m'mphepete mwa Zambezi. Kuchokera kumwera, Trans-Zambezia Railway inayalidwa kuyambira pa Dondo kufupi ndi Beira, nkufika pa Murraça mu 1922. Njanji ziwiri zinayang'anizana, mtsinje uli pakati. Katundu ankatsitsidwa, kukwezedwa m'mabaji, kuwolotsedwa, nkukwezedwanso. Chilimwe madzi ankachepa, dzinja ankasefukira, ndipo nthawi zonse ziwiri katundu ankaunjikana pagombe.

Ndiye anasankha malo ano, kumtunda kwa Murraça, pakati pa Sena ndi Mutarara. Anamanga ndi a Cleveland Bridge a ku Darlington ku England, ndipo mlatho unatsegulidwa mu Januwale 1935. Panthawiyo unali mlatho wa njanji wautali kuposa yonse mu Africa. Uli m'dziko la Mozambique mbali zonse ziwiri, koma ngongole yake inagwera boma la Nyasaland, kutanthauza anthu olipira msonkho kumeneko, ndipo anaisenza zaka zambiri. Nthambi ya ku Moatize imene tadzera dzulo inabwera pambuyo, nkudzalumikizidwa pa mlatho umene unalipo kale. Lero zatembenuka. Nthambi ija ndiyo ikunyamula katundu, ndipo malasha ambiri a ku Tete akudutsa m'Malawi kuti akaone nyanja, monga fodya wa ku Malawi ankadutsira kuno.

Mu 1986 zigawo zina za mlathowu zinaphulitsidwa nkugwera m'madzi. Mu 1995 unakonzedwa ndi thandizo la America, koma osati wa sitima. Anayala matabwa kuti pazidutsa magalimoto, mbali imodzi ikamawoloka ina ikudikira. Msuweni akuti nthawi imeneyo ndiyo inali ya ndalama, madalaivala ankagona pano, amayi ankagulitsa nsima usiku wonse. Mu 2006 anautseka kwa magalimoto kuti aubwezere ku njanji, ndipo pofika 2009 unali wokonzeka. Chaka chomwecho mlatho wa msewu wa Armando Guebuza unatsegulidwa ku Caia, magalimoto onse nkusamukira kumeneko. A ku Mutarara anatsala ndi sitima, njinga, ndi misewu yafumbi imene mvula ikagwa imadula boma lonse.

Tili chapakati pobwerera, zitsulo zinayamba kunjenjemera pansi pa mapazi, sitima isanaoneke. Msuweni anaimika njinga, nkundiuza kuti ndigwire chitsulo ndipo nditseke pakamwa. Inadutsa pang'onopang'ono, pafupi moti ukanatambasula dzanja ukanaikhudza, mlatho wonse ukulira. Fumbi lakuda linatigwera m'tsitsi. Mayi wina amene anali patsogolo pathu ndi mtolo wa nzimbe pamutu sanaime nkomwe.

Ku Sena, tsidya la Sofala, tinangodya nsomba ndi nsima ya mapira, nkubwerera. Msuweni anandionetsa chipata cha linga lakale la Apwitikizi, koma njala inali itandigwira kale. Pobwerera ndinakwera njinga. Za Angoni ndi Asena tinagwirizana kuti tidzakambirana tsiku lina.

Madzulo azakhali anatulutsa chipewa cha ntchito cha malemu amuna awo kuti ndichione, kenako anachibweza m'sutikesi, nkundituma kukatunga madzi.

Vila Nova da Fronteira

Ndinafuna kuona njira imene azakhali anathawira, ndiye msuweni anabwereka njinga yamoto. Kuchoka pa Dona Ana kufika kumalire ndi makilomita 44. Msewu umatsata njanji, nthawi zina kuitaya nkudzaipezanso. Kumanja, patali, kuli phiri la Morrumbala tsidya la Shire. Nthambi imeneyi inagona zaka zambiri nkhondo itatha, koma mbali ya Mozambique yakonzedwa posachedwapa, miyala yatsopano ndi mitanda ya simenti mpaka kumalire. Mbuzi zapeza pogona pouma.

Tayala linaphulika tisanafike. Tinakankha mpaka pamudzi wina, pomwe mnyamata wokonza njinga anamata ndi chidutswa cha chubu chakale, amayi ake nkutipatsa mbatata yophika ndi madzi m'chikho. Anakana kuti tilipire mbatata. Atamva kuti ndine wa ku Angonia anafunsa ngati nzoona kuti kwathu madzi amaundana m'ndowa. Ndinati nthawi zina mame amauma pa udzu. Sanakhulupirire.

Pa Vila Nova zilankhulo zasakanikiratu. Wina akuyamba chiganizo m'Chisena nkumalizira m'Chichewa, mtengo akutchula m'makwacha ndi m'metikali nthawi imodzi. Kungodutsa chipata ndi Marka, boma la Nsanje. Njanji imapitirira, ndipo a Malawi akhala akukonza chigawo chochoka pa Marka kukafika ku Bangula. Kupitirira apo ndiye pali bala lakale. Madzi osefukira a 1997 anadula njira pa Chiromo, ndipo kuyambira pamenepo sitima yochoka ku Limbe sinathenso kufika ku Nsanje. Bambo wina wa ku Marka wogulitsa sopo ndi shuga anandiuza kuti agogo ake ankakwera pano madzulo nkukadzuka ku Beira. Iye sanaionepo Beira. Akuti zoti sitima ibweranso wazimva pa wailesi kuyambira ali mnyamata, ndipo tsopano poti zitsulo zafika pakhomo, wayamba kukhulupirira pang'ono, koma sanagule sutikesi.

Ndakhala pansi ndi msuweni kuwerengera za ulendo wobwerera. Kudikira sitima yokwera ku Moatize ndiye kuti ndikhala kuno masiku ena, kenako chapa yokwera phiri. Njira ina ndi kulowa pa Marka, minibasi mpaka ku Nsanje, ina kukwera Thabwa mpaka Blantyre, basi ya ku Lilongwe nkutsikira pa Dedza, kuwoloka pa Calomue, ndafika ku Ulongue. Kuchoka kumunsi kwa chigawo changa kupita kumtunda kwa chigawo chomwecho, njira yachangu ndi yodzera m'dziko la eni. Msuweni akuti ndikungothawa mlatho.

Tibwerera ku Nhamayabué kukatsanzika, poti azakhali sangandikhululukire nditachoka osadya tambala uja, ndipo mawa msuweni adzandisiya pachipata pano mmamawa. Ndasinthiratu ndalama kwa mnyamata wa pansi pa mtengo wa mango. Tinakangana pang'ono, anawerenga kawiri, ine kawiri, ndipo wandipatsa mpukutu wa makwacha umene sukukwana m'thumba la malaya. Pasipoti ili m'chikwama. Minibasi yoyamba ya ku Nsanje akuti ilibe nthawi, imanyamuka ikadzaza.